Makalata a m'mabokosi a amasiye: momwe mbiri ya ofufuza matenda a yellow fever idapulumukira

Amene adakwerapo ndege kupita ku Kampala kapena ku Kinshasa amalidziwa khadi lachikasu lija. Ukafika pabwalo la ndege ulibe khadili, ulendo umavuta. Khadili ndi umboni woti munthu adabayitsa katemera wa yellow fever, ndipo kuyambira mu 2016 kubayitsa kamodzi kumawerengedwa kuti nkokwanira moyo wonse.

Koma mukafufuza pa intaneti kuti adatulukira ndani kuti matendawa amafala ndi udzudzu, mupeza mayankho awiri. Mabuku ambiri a ku America amatchula Walter Reed. Ku Cuba amatchula Carlos Finlay, ndipo samafuna nkumva komwe dzina lina likuikidwa patsogolo. Ndiye munthu amadabwa: zinthu zidachitika zaka zoposa 120 zapitazo, eni ake onse adatsikira kulichete, tingadziwe bwanji yemwe adachita chiyani? Mbali yaikulu ya yankho idachokera m'mabokosi amene akazi amasiye ndi ana a madokotalawo adasunga kunyumba kwawo kwa zaka makumi angapo, kufikira atapezeka munthu wowafuna.

Matendawa ndi otani

Yellow fever ndi matenda oyamba ndi kachilombo ka mtundu wa vairasi kamene kamafalitsidwa ndi udzudzu, makamaka wotchedwa Aedes aegypti. Udzudzuwu ndi wosiyana ndi uja wa malungo: umaluma kwambiri masana ndipo umaswana m'madzi oyera odikha a m'migolo, m'zitini ndi m'matayala akutha. Odwala ambiri amamva kutentha thupi ndi mutu kwa masiku ochepa nkuchira. Ena, atayamba kupezako bwino, matendawa amabwerera nkuwononga chiwindi. Maso ndi khungu zimachita chikasu, munthu amasanza magazi akuda, ndipo mwa amene afika pamenepa, pafupifupi theka amamwalira. Chikasucho ndi chizindikiro chabe, chifukwa matenda ena a chiwindi amachititsanso maso chikasu. Yellow fever imapezeka m'madera otentha a mu Africa ndi ku South America. Mu 2016 idavuta kwambiri ku Angola ndi ku DRC.

Zomwe zidachitika ku Cuba

Mu 1881 dokotala wa ku Havana, Carlos Finlay, adauza akatswiri anzake kuti udzudzu ndiwo umatenga matendawa kwa wodwala nkukapatsira munthu wabwinobwino. Adatchula ngakhale mtundu wa udzudzuwo. Kwa zaka pafupifupi 20 adayesa kutsimikiza zimenezi, koma zotsatira zake sizidakhutiritse ambiri. Anthu ankakhulupirira kuti matendawa amakhala m'zovala, m'zofunda ndi mu mpweya woipa.

Mu 1900 gulu lankhondo la America, lomwe nthawi imeneyo linkalamulira Cuba, lidatumiza madokotala anayi: Walter Reed monga mtsogoleri, James Carroll, Jesse Lazear ndi Aristides Agramonte. Iwo adapita kunyumba kwa Finlay ndipo iye adawapatsa mazira a udzudzu wake. Lazear ndiye adawaswetsa nkumadyetsa udzudzuwo pa odwala. Pa 27 Ogasiti Carroll adalola kulumidwa. Adadwala mwakayakaya koma adachira. Lazear adadwala mu Sepitembala nkumwalira pa 25 mwezi womwewo ali ndi zaka 34. Nthawi yonseyi Reed adali ku Washington kumalizitsa lipoti lina.

Atabwerera, adakhazikitsa msasa woyeserera kufupi ndi Havana nkuutcha Camp Lazear. Adamanga tinyumba tiwiri tamatabwa. M'kanyumba koyamba, anthu odzipereka ankagona masiku 20 pa zofunda zodetsedwa ndi masanzi ndi zoipa za odwala, koma udzudzu osalowamo. Palibe adadwala. M'kachiwiri mudali mwaukhondo koma mudali udzudzu umene udaluma odwala. Mmodzi mwa odzipereka, John Moran, adalowamo pa 21 Disembala, ndipo pa Khirisimasi adali chigonere. Adapezanso chimene chidasokoneza Finlay: udzudzu ukaluma wodwala, pamadutsa masiku pafupifupi 12 usanayambe kupatsira ena.

Izi ndi zimene zili m'malipoti. Zina zonse, monga mantha, mikangano, ndi zomwe zidabisidwa, zili kwina.

Kodi mapepala a banja ndi chiyani?

Taganizirani za mlandu wa malo kwa mfumu. Chigamulo chimatha kulembedwa m'mizere iwiri: malire ndi mtengo wakutiwakuti. Koma kuti mumvetse momwe adafikira pamenepo, mumafuna agogo amene akukumbukira yemwe adayamba kulima pamalopo ndi mawu amene adalankhulidwa usiku mlandu usanazengedwe. Lipoti la sayansi lili ngati chigamulo chija. Limalembedwa zinthu zitatha, mwadongosolo, zolakwika zitasesedwa.

Mapepala a banja ndi zonse zimene munthu adasiya zosalembedwera anthu onse: makalata opita kwa mkazi wake kapena mayi ake, kabuku ka m'thumba, matelegalamu, zithunzi, malisiti, mapu ojambula pamanja, ngakhale envelopu yokhala ndi chidindo cha positi chosonyeza tsiku. Mphamvu yake ili pa tsikulo. Kalata yolembedwa pa 8 Sepitembala siingadziwe zodzachitika pa 25, choncho siingakometse nkhani kuti igwirizane ndi mapeto ake.

Tili nayo kalata yotero. Pa 8 Sepitembala 1900 Lazear adalembera mkazi wake Mabel kuti akuona ngati wagwira njira yopezera choyambitsa matenda chenicheni, koma asauze munthu. Mabel adali atangobereka kumene mwana wamkazi ku America, mwana amene bambo ake sadamuoneko. Timawu tochepati ndi umboni woti Lazear adazindikira kulemera kwa zomwe adaona Reed asanabwerere ku Cuba. Tilinso ndi kalata ya Reed kwa mkazi wake Emilie, yolembedwa usiku wa pa 31 Disembala 1900, mphindi zochepa chaka chisanathe, momwe akuti pemphero lake la zaka 20, loti adzachite kanthu kochepetsa kuvutika kwa anthu, layankhidwa. Reed adamwalira mu 1902 ndi vuto la apendikisi. Emilie adakhala ndi makalatawo mpaka ukalamba wake. Adamwalira mu 1950.

Dokotala amene adagogoda pamakomo

Mapepalawa akadamwazika akadapanda Philip Hench. Iye sadali katswiri wa yellow fever ayi. Adali dokotala wa nyamakazi pa chipatala cha Mayo Clinic, ndipo mu 1950 adalandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi anzake awiri chifukwa cha mankhwala a cortisone. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 adayamba kuchita chidwi ndi nkhani ya Lazear, ndipo adaona kuti mabuku akutsutsana pa zinthu zambiri. Adaganiza zolemba buku lowongola zonse.

Kwa zaka zoposa 20 adalemberana makalata ndi aliyense wotsala. Adalumikizana ndi Emilie Reed ndi ana ake, Mabel Lazear, asilikali akale amene adadzipereka monga John Kissinger ndi John Moran, komanso madokotala amene adali ku Cuba nthawi imeneyo monga Albert Truby ndi Jefferson Randolph Kean. Ankawafunsa mafunso omwewo mobwerezabwereza, nkumayerekeza mayankho. Wina akanena kuti kanyumba kadayang'ana kwakuti, Hench ankafuna chithunzi. Kukalamba kumasokoneza makumbukiridwe a nkhani, ndipo anthu awiri amene adagona m'hema limodzi amatha kukumbukira zosiyana, onse ali oona mtima.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha malo a Camp Lazear. Pofika 1940 malowo adali ataiwalika, ndipo ena ankaloza malo olakwika. Hench adapita ku Cuba nkuyenda ndi Moran, yemwe adakhazikika ku Havana, mpaka adapeza kanyumba koyamba kaja kadakali chiimire, kakugwa. Umboni wina wamphamvu udachokera kubanja la Rojas, eni munda wa San José pomwe padali msasawo. M'buku lawo lolembamo ndalama za tsiku ndi tsiku mudali molembedwa za lendi ya malowo. Buku la maakaunti a pamunda, lofanana ndi kope limene mwini golosale amalembamo angongole, ndi limene lidathandiza kutsimikiza pomwe padachitikira kafukufuku wotchuka chotere. Pa 3 Disembala 1952, tsiku lokumbukira kubadwa kwa Finlay, boma la Cuba lidatsegula malowo ngati chikumbutso.

Buku lija Hench sadalimalize. Adamwalira mu 1965 ali ku Jamaica. Mkazi wake Mary adapereka zonse ku University of Virginia, komwe Reed adalandira digiri ya udokotala mu 1869 ali ndi zaka 17 zokha. Ndi mabokosi oposa 100, ndipo amadziwika ndi dzina loti Philip S. Hench Walter Reed Yellow Fever Collection. Onani kuti apanso ndi mayi wamasiye amene adaganiza za kopita mapepala.

Nkhani ya mbira

Lazear ali pa bedi la imfa adauza omuzonda kuti pa 13 Sepitembala, ali m'chipatala cha Las Ánimas ku Havana, udzudzu wongodziyendera udatera padzanja lake ndipo adauleka kuti umalize kuyamwa. Nkhaniyi ndi imene idalowa m'mabuku. Koma patapita zaka zambiri, Truby adaulula kuti Reed atawerenga zolemba za Lazear adaganiza kuti mnzakeyo adadzilumitsa dala. Olemba mbiri ambiri amaganiza kuti anzake adasunga chinsinsi poopa kuti a inshuwalansi angakane kulipira mkazi wamasiye ndi ana awiri.

Kabuku kakang'ono ka m'thumba ka Lazear kadasowa Reed atamwalira. Buku lalikulu la mu labotale lidasowanso, nkudzapezeka patapita zaka pafupifupi 40 mu laibulale ya New York Academy of Medicine. M'bukumo, pa tsiku la 13 Sepitembala, muli mawu onena za mbira nambala 1 (mbira ndi kanyama kamene amayeserapo mu labotale) imene idalumidwa ndi udzudzu tsiku limenelo. Ena amawerenga kuti mbirayo adali Lazear mwini wake. Ena amati umboniwu suli wokwanira. Chimene bukuli lidachita nkupatsa mbali zonse ziwiri chinthu chogwirika choti azikambirana, m'malo modalira zakumva.

Bokosi likafika ku laibulale

Anthu ambiri amaganiza kuti kusunga ndi kungotsekera m'kabati. Ntchito yake ndi yaitali.

Imayamba ndi mgwirizano wolembedwa pakati pa banja ndi laibulale. Umanena ngati mapepala aperekedwa kotheratu kapena angosungitsidwa, amene ali ndi ufulu wowasindikiza, ndi ngati pali makalata oti asatsegulidwe mpaka padutse zaka zakutizakuti. Kukhala ndi pepala m'manja ndi kukhala mwini wa mawu olembedwapo ndi zinthu ziwiri zosiyana pamalamulo, ndipo mabanja ambiri amadabwa akamva zimenezi.

Kenako osunga zolemba zakale amafufuza chimene amachitcha provenance, kutanthauza mbiri ya pepalalo: adalemba ndani, lidadutsa m'manja mwa yani, lidafika bwanji pano. Zili ngati kugula ng'ombe. Wogula wanzeru amafuna kudziwa khola limene yachokera. Chifukwa cha ichi sasakaniza mapepala a banja lina ndi a banja lina ngakhale akukamba nkhani imodzi, ndipo amayesetsa kusunga dongosolo limene adawapezera. Ngati mayi adamanga makalata asanu ndi kansalu nkuwaika padera, kumangako kukunena kanthu. Wowamasula nkuwasanja mwa afabeti wafufuta uthenga.

Akatero amalemba mndandanda wolozera: bokosi lakuti, foda yakuti, kalata yochokera kwa uje kupita kwa uje, tsiku lakuti. Popanda mndandandawu, mabokosi 100 ali ngati msika wopanda mizere, momwe chilichonse chilimo koma palibe chopezeka.

Adani a pepala timawadziwa ngakhale kwathu kuno: chiswe, njenjete, mphemvu, makoswe, chinyezi chobweretsa chuku, ndi dzuwa lofufutitsa inki. Pali mdani wina wosaoneka. Mapepala ambiri a nthawi imeneyo adapangidwa ndi mitengo ndipo ali ndi asidi mkati mwake, nchifukwa chake nyuzipepala yakale imachita chikasu nkumathetheka. Inki yakale yokhala ndi chitsulo imadya pepala mpaka kuboola potsata zilembo. Choncho amachotsa mapini ochita dzimbiri ndi malabala, amatambasula makalata opindidwa, nkuwaika m'mafoda opanda asidi, m'chipinda chozizira bwino chosasinthasintha chinyezi. Selotepi ndi kumata pulasitiki kotentha kuja, komwe ambiri timathamangira pofuna kuteteza satifiketi, kwa iwo nkuwononga, chifukwa guluu wake amalowerera m'pepala ndipo kuchotsa kwake nkovuta. Wobwera kudzawerenga amaloledwa pensulo yokha.

Gawo lomaliza ndi kujambula tsamba lililonse nkuliika pa kompyuta. University of Virginia idachita izi ndi zikalata zikwi zingapo za Hench kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo adatayipanso mawu ake kuti munthu azitha kufufuza dzina kapena tsiku. Kujambulaku sikulowa m'malo mwa pepala lenileni. Mafailo amawonongeka, makina owerengera amatha ntchito, ndipo pamafunika ndalama chaka ndi chaka zowasamutsira pa makina atsopano.

Pepala limodzi lofunika kuliona pafupi

M'zosungidwazi muli chikalata cha pa 26 Novembala 1900 chimene adasaina Antonio Benigno, mnyamata wochokera ku Spain, pamodzi ndi Reed. Zikalatazi zidalembedwa m'Chisipanishi ndi m'Chingerezi. Chikalatacho chikunena poyera kuti wosainayo akudziwa kuti akuika moyo wake pachiswe, kuti alandira madola 100 a golide, ndipo akadwala awonjezeredwa ena 100. Ndi chimodzi mwa zitsanzo zoyambirira za chilolezo cholembedwa pa kafukufuku wa zaumoyo, kholo la fomu imene munthu amasaina lero asanalowe nawo m'kafukufuku wa mankhwala.

Anthu amachiwerenga mosiyana. Ena amati ndi ulemu waukulu pa nthawi imene madokotala ambiri sankapempha nkomwe. Ena amafunsa ngati mlendo wosauka, wongofika kumene, yemwe wauzidwa kuti matendawa angamugwirebe ali kunja, adali ndi ufulu weniweni wokana ndalama zochuluka chotero. Pa Camp Lazear palibe adamwalira. Koma pa kuyesera kwina kwa mu 1901 pa chipatala cha Las Ánimas anthu atatu adafa, mmodzi mwa iwo namwino Clara Maass.

Mafunso amene sadathe

Loyamba ndi la ulemu. Mapepala akusonyeza kuti lingaliro ndi mazira zidachokera kwa Finlay, kuti dokotala wina wa ku America, Henry Rose Carter, adaona kale ku Mississippi mu 1898 kuti pamadutsa masiku pakati pa wodwala woyamba ndi otsatira, kuti Lazear ndiye adagwira udzudzu ndi manja, ndi kuti Reed adakonza kuyesera kumene kudatseka pakamwa okayika. Wolemera kwambiri ndani pa anthuwa, mapepala sagamula. Ngakhale chithunzi cha ofufuzawa chopentedwa ndi Dean Cornwell mu 1941, chimene Hench adathandiza kulangiza, chidakonzedwa kangapo chifukwa cha madandaulo a malo amene Finlay adaikidwa.

Lachiwiri ndi la chinsinsi. M'makalata a banja mumakhala ngongole, madandaulo, kunyoza anzako, mayina a odwala. Carroll adamwalira mu 1907 akumva kuti sadapatsidwe ulemu womuyenera, ndipo mawu owawa otero amapezeka m'makalata. Mwana amene akupereka bokosi la bambo ake amafuna dzina lawo lisungike bwino. Wofufuza amafuna zonse. Banja likachotsa tsamba lisanapereke, wowerenga wa m'tsogolo sangadziwe kuti padali tsamba.

Lachitatu ndi la malo. Zinthu zidachitikira ku Cuba, koma mapepala ambiri ali ku Virginia. Intaneti yachepetsa mtunda, koma funso la yemwe ayenera kusunga pepala lenileni limabukabe m'maiko ambiri.

Kumadzulo kwa Africa

Katemera wa khadi lachikasu lija mizu yake ili ku Africa. M'zaka za m'ma 1920 bungwe la Rockefeller Foundation lidatsegula labotale ku Yaba, mu mzinda wa Lagos. Ntchito yofufuza yellow fever kumeneko idadya miyoyo ya madokotala: Adrian Stokes adamwalira ku Lagos mu 1927, Hideyo Noguchi wa ku Japan adamwalira ku Accra pa 21 Meyi 1928, ndipo William Young, amene adapima thupi la Noguchi, adamutsatira patangopita masiku ochepa. Zolemba za ntchitoyi zimasungidwa ku Rockefeller Archive Center ku New York.

Noguchi adalakwitsa pa choyambitsa matendawa. Ankakhulupirira kuti ndi bakiteriya. Komabe ku Japan amamukumbukira kwambiri, ndipo ku Accra kuli malo ofufuzira za matenda otchedwa dzina lake, otsegulidwa mu 1979. Kwawo ku Inawashiro nyumba imene adabadwira idasungidwa, ndipo chinthu chimene alendo amaima nthawi yaitali akuchiyang'ana ndi kalata ya mu 1912 yochokera kwa mayi ake, Shika. Mayiwa sankadziwa bwino kulemba, koma adalimbana ndi zilembo kuti apemphe mwana wawo, mobwerezabwereza, kuti abwere msanga kumudzi.

Ndiye pali Asibi. Adali bambo wa zaka 28 wa ku Kpeve, m'dziko lomwe lero ndi Ghana. Pa 30 Juni 1927, akudwala yellow fever yosafika poopsa, dokotala Alexander Mahaffy adamutenga magazi. Magaziwo adabayidwa mwa nyani wa mtundu wa rhesus, ndipo umu ndi momwe kachilomboka kadagwidwira nkuyamba kusungidwa mu labotale. Max Theiler, wobadwira ku Pretoria, pamodzi ndi anzake ku New York adakasamutsa kachilomboka kuchoka m'mbale ina kupita m'mbale ina koposa ka 100, mpaka kadafooka nkusanduka katemera wotchedwa 17D mu 1937. Theiler adalandira mphoto ya Nobel mu 1951. Katemera yense wa yellow fever wobayidwa lero ndi mdzukulu wa kachilombo ka m'magazi a Asibi.

Za Reed tili ndi makalata a chibwenzi chake ndi Emilie asanakwatirane. Za Lazear tili ndi zimene ankauza mayi ake ali pasukulu. Za Asibi, zimene mabuku amabwereza ndi zomwe madokotala adalemba m'kaundula wawo: dzina limodzi, zaka, mudzi, tsiku lotenga magazi, ndi kuti adachira.